Werner Forssmann, Dokotala Amene Adapeza Njira Yopita ku Mtima

Kwa makolo ndi aphunzitsi: Nkhani iyi ili ndi magawo 11. Werengerani ana gawo limodzi pa tsiku. Werengani pang'onopang'ono ndi mokweza. Mukatha, ana anene zimene amva m'mawu awoawo. Mafunso ndi zocita zili kumapeto.

Gawo 1: Mtima wathu

Ana inu, ikani dzanja pacifuwa, ca kumanzere. Khalani cete. Mukumva ciyani? Du, du, du! Umenewo ndi mtima wanu.

Tsopano fumbatani cibakera. Mtima wanu ndi waukulu ngati cibakera canuco. Ndi waung'ono, koma nchito yake ndi yaikulu. Mtima umapopa magazi. Umawatumiza kumutu, kumanja ndi kumiyendo. Usana umagwira nchito. Usiku inu muli mtulo, iwo umagwirabe nchito. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100 000 pa tsiku limodzi.

Magazi amayenda m'mitsempha. Mitsempha ili ngati ngalande za madzi za kudimba. Ina imatenga magazi kucoka ku mtima. Ina imabweza magazi ku mtima.

M'kati mwa mtima muli zipinda zinayi. Ziwiri zili pamwamba, ziwiri zili pansi. Magazi amalowa m'zipinda zapamwamba. Kenaka amatsikira m'zipinda zapansi. Zipinda zapansi ndizo zimawakankha kuti apite kumapapo ndi m'thupi lonse.

Kale madokotala ankaopa kukhudza mtima wa munthu wamoyo. Ankaganiza kuti cinthu cikalowa mumtima, mtimawo uima ndipo munthu afa. Munthu amene adaonetsa kuti mumtima mungathe kulowa kanthu munthu osafa ndi Werner Forssmann. Tiyeni timve za moyo wake.

Gawo 2: Ubwana wa Werner

Werner Forssmann adabadwa pa 29 Ogasiti 1904. Adabadwira mumzinda wa Berlin, m'dziko la Germany, ku Ulaya. Pa Cipwitikizi dzikoli timati Alemanha. M'nyengo yacisanu kumeneko kumazizira kuposa ku Tsangano m'mwezi wa Juni, mpaka madzi amauma gwa.

Bambo ake adali a Julius. Iwo adaphunzira za malamulo. Mayi ake adali a Emmy. M'banjamo mwana adali Werner yekha.

M'caka ca 1914 ku Ulaya kudabuka nkhondo yaikulu. Bambo ake a Werner adapita kunkhondoko. M'caka ca 1916 adafera komweko. Werner adali ndi zaka 12 zokha. Adatsala ndi mayi ake ndi agogo ake aakazi. Iwo ndiwo adamulera.

Werner adali ndi amalume ake, a Walter. Amalumewo adali dokotala m'tauni yaing'ono. Werner ankapita kukawacezera. Ankaona anthu akubwera ndi ululu. Ankaona amalume ake akuwayeza ndi kuwapatsa mankhwala. Mnyamatayo adayamba kufuna nchito imeneyi.

Kusukulu Werner ankalimbikira. M'caka ca 1922 adalowa sukulu yaukacenjede ya ku Berlin kukaphunzira za udokotala. Adalemba mayeso otsiriza mu 1928. Mu 1929 adapeza nchito pa cipatala cacing'ono m'tauni ya Eberswalde, kufupi ndi Berlin. Mkulu wake pa nchito adali Dokotala Richard Schneider.

Gawo 3: Cithunzi ca kavalo

Ali pasukulu, Werner adaona cithunzi m'buku lina lakale. Pacithunzipo padali kavalo. Anthu awiri a ku France, a Chauveau ndi a Marey, adalowetsa kapaipi mumtsempha wa pakhosi pa kavaloyo. Adacita zimenezi ca m'ma 1861. Kapaipiko kadatsata mtsempha mpaka kukafika mumtima. Kavalo sadafe. Adangoima ciriri.

Cithunzi cimeneci sicidacoke m'mutu mwa Werner. Ankadzifunsa ngati zimene zidatheka pa kavalo sizingathekenso pa munthu.

Adali ndi cifukwa cake. Masiku amenewo, mtima wa wodwala ukafuna kuima, dokotala ankabaya jakisoni pacifuwa kuti mankhwala afike mumtima. Njira imeneyi idali yoopsa. Singano inkatha kuboola mapapo. Inkathanso kuboola mtsempha wa mtimawo. Werner adafuna kupeza njira yabwino.

Taganizani za mtsinje wa Revúbuè. Madzi ake amatsika kucoka kumapiri athu kuno. Amayenda mpaka kukathira mu Zambezi, ku Tete. Tsamba likagwera m'madzimo, limapita kumene madzi akupita.

Mitsempha ina ya pamkono ilinso cimodzimodzi. Magazi ake amayenda kupita ku mtima. Werner adaganiza kuti kapaipi kofewa kakalowa mumtsempha wa pamkono, katsata magazi mpaka kukafika mumtima. Pamenepo dokotala angathe kuthira mankhwala m'kapaipimo, osabaya pacifuwa.

Kapaipi kotere madokotala amati katheta.

Gawo 4: Werner aletsedwa

Werner adapita kwa a Schneider. Adawafotokozera maganizo ake onse. A Schneider adamvetsera, koma adakana. Adamuuza kuti ayambe wayesa pa nyama. Adamuletsa kuyesa pa odwala.

Werner adapempha kuti ayese pa thupi lake lomwe. A Schneider adakananso. Iwo ankadziwana ndi banja la Werner. Ankadziwa kuti mayi ake adataya kale mwamuna wawo kunkhondo. Sadafune kuti mayiwo atayenso mwana wawo mmodzi yekhayo.

Werner adatuluka, koma maganizo aja sadawasiye. Kuti ayese, ankafunika zipangizo zoyera bwino, zopanda tizilombo. Zipangizozo zinkasungidwa m'cipinda ca opaleshoni. Wozisunga adali namwino, dzina lake Gerda Ditzen.

Werner adayamba kuceza ndi a Gerda. Ankawabwereka mabuku. Ankawafotokozera za mtima ndi za mitsempha. Patapita masiku, a Gerda adakhulupirira kuti zimenezi zingatheke. Adavomera kuthandiza. Koma adati kapaipiko kalowe m'mkono mwawo, osati mwa Werner. A Gerda adali mayi wolimba mtima kwambiri.

Werner adavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima mwake adali atatsimikiza kale kuti ayesa pa mkono wake.

Gawo 5: Tsiku la kapaipi

Tsiku lina masana, m'caka ca 1929, anthu a pacipatala adali akupuma. Werner ndi a Gerda adalowa m'cipinda ca opaleshoni. A Gerda adagona pabedi. Werner adawamanga manja ndi miyendo ndi malamba. Adawapaka mankhwala pamkono ngati akufuna kuyamba.

Kenaka adapita kumutu kwa bedi, kumene a Gerda sankaona. Adadzibaya mankhwala opha ululu pamkono wake wamanzere, pamene mkono umapindikira. Adaceka pang'ono. Adapeza mtsempha. Adatenga kapaipi kowonda, kofewa, kopaka mafuta. Adakalowetsa mumtsemphamo pang'onopang'ono.

Atatero adamasula a Gerda. Iwo adaona kapaipi kali m'mkono mwa Werner. Adakwiya cifukwa adanamizidwa. Komabe adamuperekeza.

Awiriwo adatsika masitepe kupita ku cipinda ca X-ray. X-ray ndi makina ojambula za m'kati mwa thupi. Mnzake wina wa Werner, Dokotala Peter Romeis, adafika akuthamanga. Adacita mantha, ndipo adafuna kusolola kapaipiko. Werner adamukankha.

Werner adaima pamakinawo. Namwino adamugwirira kalilole kuti aziona m'cifuwa mwake. Adakankha kapaipi kaja mpaka kadalowa masentimita 65. Kutalika kumeneku ndi marula awiri a kusukulu, kuwonjezapo zala zitatu. Nsonga ya kapaipi idafika m'cipinda capamwamba ca kumanja ca mtima. Adajambula cithunzi.

Mtima wa Werner udapitiriza kugunda. Du, du, du! Werner sadafe.

Zimene zidacitika tsiku limeneli Werner adazilemba yekha m'buku la moyo wake, limene lidatuluka mu 1972.

Ana inu, tamverani. Werner adali dokotala wophunzira, koma adaika moyo wake pangozi. Adanamizanso a Gerda, ndipo kunama ndi kulakwa. Lero malamulo a cipatala salola zotere. Dokotala asadayese cinthu catsopano, amayamba wapempha cilolezo. Amauzanso wodwala zoona zonse. Inu musamadzibaye ndi singano, minga kapena waya. Musamabaye mnzanu.

Gawo 6: Werner acotsedwa nchito

A Schneider atamva, adakalipa kwambiri. Koma ataona cithunzi cija, adazindikira kuti mnyamatayo wapeza cinthu cacikulu. Adamuthandiza kulemba nkhani yake. Nkhaniyo idatuluka m'nyuzipepala ya madokotala mu Novembala 1929.

Pa nthawiyo Werner adali atasamukira ku Charité, cipatala cacikulu ca ku Berlin. Mkulu wa opaleshoni kumeneko adali Ferdinand Sauerbruch, dokotala wodziwika m'dziko lonse. A Sauerbruch sadakondwere. Kwa iwo zimene adacita Werner zidali masewera oonetsa anthu, zosayenera dokotala. Adamucotsa nchito.

Werner adabwerera ku Eberswalde. Sadagwe mphwayi. Adayesa pa agalu. Adayesanso pa thupi lake. Nthawi zonse pamodzi, adalowetsa kapaipi mumtima mwake ka 9. Adathiramonso mankhwala amene amaonetsa magazi pa X-ray, kuti ajambule zipinda za mtima. Makina a nthawiyo adali ocedwa, ndipo zithunzi za mtima wake sizidaoneke bwino.

Mu 1931 adafotokoza nchito yake pa msonkhano wa madokotala. Ambiri sadalabadire. Werner adatopa. Adasiya nchito ya mtima. Adayamba kuciritsa matenda a impso ndi cikhodzodzo.

Mu 1933 adakwatira Elsbet Engel. Nayenso Elsbet adali dokotala. Awiriwa adabereka ana asanu ndi mmodzi, anyamata asanu ndi mtsikana mmodzi.

Gawo 7: Zaka zamdima

Pa moyo wa Werner pali cinthu cina coipa. Tiyenera kucidziwanso.

Mu 1932 Werner adalowa cipani ca Nazi. Mtsogoleri wa cipanici adali Adolf Hitler. Cipani ca Nazi cinkaphunzitsa cidani. Cinkati mtundu wina wa anthu ndi woposa mitundu ina. Cidapha Ayuda okwana 6 miliyoni. Cidaphanso anthu olumala ndi anthu ena ambirimbiri. Werner adakhala m'cipanico mpaka 1945. Kudziwa zinthu zambiri sikudamuletse kutsata anthu oipa.

Mu 1939 nkhondo yaciwiri ya dziko lonse idayamba. Werner adapita monga dokotala wa asilikali. Adaona mabala ambiri ndi imfa zambiri. Agogo athu kuno ku Angónia amaidziwa nkhondo. Amadziwa kuti imapasula midzi ndi kubalalitsa mabanja.

Mu 1945 dziko la Germany lidagonja. Asilikali a ku America adagwira Werner ndi kumutsekera. Atamasulidwa, adapeza banja lake m'kamudzi ka Wambach, m'nkhalango ya Schwarzwald. Cifukwa coti adali wa Nazi, kwa zaka zingapo sadaloledwe kugwira nchito yake. Munthu amene adafika mumtima ndi kapaipi adayamba kudula mitengo m'nkhalango. Mkazi wake ndiye ankaciritsa odwala a m'mudzimo, ndipo pambuyo pake Werner ankamuthandiza.

Mu 1950 banjali lidasamukira m'tauni ya Bad Kreuznach. Kumeneko Werner adayambanso nchito ya impso ndi cikhodzodzo. Anthu ambiri adali ataiwala za kapaipi kaja.

Gawo 8: Mphoto ya Nobel

Koma kutsidya kwa nyanja kudali anthu amene sadaiwale. Mumzinda wa New York, ku America, mudali madokotala awiri, André Cournand ndi Dickinson Richards. Iwo adawerenga nkhani ya Werner. Ankagwira nchito pa cipatala ca Bellevue. Kuyambira mu 1941 adayamba kulowetsa kapaipi m'mitima ya odwala. Adacita mosamala kwambiri. Ankayeza mphamvu ya magazi m'zipinda za mtima. Ankayezanso kuculuka kwa magazi amene mtima ukupopa. Adaonetsa kuti njirayi ingathandize odwala ambiri.

Madokotala a m'maiko ena adaphunzira kwa iwo. Ndi kapaipi, adayamba kupeza mabowo m'mitima ya ana obadwa ndi vuto. Adayamba kupeza zitseko za mtima zimene sizitseka bwino.

Mu 1956 uthenga udafika ku Bad Kreuznach. Werner adapatsidwa mphoto ya Nobel pamodzi ndi a Cournand ndi a Richards. Iyi ndi mphoto yaikulu imene amapatsa anthu otulukira zinthu zothandiza dziko. Atatuwa adakailandira mumzinda wa Stockholm, ku Sweden, pa 10 Disembala 1956. Padali patapita zaka 27 cicitikire za ku Eberswalde. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1958 Werner adakhala mkulu wa opaleshoni pa cipatala cina mumzinda wa Düsseldorf. Atakalamba adapuma pa nchito, nabwerera ku Schwarzwald. Adamwalira pa 1 Juni 1979, m'tauni ya Schopfheim, ali ndi zaka 74. Adamwalira ndi matenda a mtima. Lero cipatala ca ku Eberswalde cili ndi dzina lake.

Gawo 9: Mtima ukasokonezeka

Werner adamwalira, koma njira imene adapeza idatsala. Madokotala akuigwiritsabe nchito. Kuti timvetse bwino, tiyambe taona cimene cimagunditsa mtima.

Mudaonapo amayi awiri akusinja cimanga mumtondo umodzi? Wina akakweza musi, wina amatsitsa. Amatsata nyimbo imodzi. Misi siigundana, ndipo mphale imayera msanga.

Mtima nawonso uli ndi woyambitsa nyimbo. Ndi kamalo kakang'ono m'cipinda capamwamba ca kumanja, comwe cija mudafika kapaipi ka Werner. Kamaloka kamatulutsa timagetsi tocepa kwambiri. Timagetsito tikadutsa, zipinda zapamwamba zimafinya magazi. Kenaka zipinda zapansi zimafinyanso. Zonse zimayenda mwadongosolo.

Tsopano taganizani anthu khumi atazungulira mtondo umodzi. Aliyense ali ndi musi wake ndi nyimbo yake. Misi igundana. Cimanga citayika.

Zotere zimacitika m'mitima ya anthu ena. Timagetsi tosokoneza timabuka m'malo ena. Zipinda zapamwamba zimasiya kufinya bwino, zimangonjenjemera. Mtima umagunda mothamanga, kenaka mocedwa, kenaka kudumpha. Pa Cipwitikizi madokotala amati fibrilhação auricular.

Munthu wodwala matendawa amatopa msanga. Amapuma mobanika akamakwera phiri. Ena amamva cizungulire. Ena samva kanthu. Koma pali ngozi yaikulu. Magazi akamacedwa m'cipinda conjenjemera, amatha kuundana. Kantintha ka magaziko kakapita ku ubongo, munthu amafa ziwalo mbali imodzi, kapena kulephera kulankhula. Matendawa amagwira kwambiri anthu okalamba, anthu othamanga magazi, ndi anthu amene zitseko za mtima wawo zidaonongeka.

Gawo 10: Mapu a mtima

Odwala ambiri amathandizidwa ndi mankhwala akumwa. Ena mankhwala sawakwanira. Amenewa ndiwo amathandizidwa ndi kapaipi.

Mu 1981 Dokotala Melvin Scheinman wa ku San Francisco, ku America, adathandiza wodwala wa mtima wothamanga potumiza magetsi kudzera m'kapaipi. Mu 1998 Dokotala Michel Haïssaguerre ndi anzake a ku Bordeaux, ku France, adapeza kumene timagetsi tosokoneza timacokera kawirikawiri. Timacokera m'mitsempha inayi imene imabweretsa magazi kucoka kumapapo. Mitsemphayi imalowa m'cipinda capamwamba ca kumanzere.

Koma dokotala angadziwe bwanji pamene pali nsonga ya kapaipi, mtima uli wotsekeka m'cifuwa? Cithunzi ca X-ray cili ngati ng'ombe yojambula pansi ndi cala. Umaiona mbali imodzi yokha. Ng'ombe youmba ndi dothi ndi ina. Ungaitembenuze. Ungaione kutsogolo, kumbuyo, pamwamba ndi pansi.

M'zaka za m'ma 1990 Dokotala Shlomo Ben-Haim wa ku Israel ndi anzake adapanga makina oumba mtima pa kompyuta. Amagwira nchito motere. Wodwala amagona pabedi. Pansi pa bedi pali maginito. Dokotala amalowetsa kapaipi mumtsempha wa pamwamba pa nchafu. Kapaipiko kamatsata magazi mpaka m'cipinda ca kumanja. Kenaka kamadutsa pakhoma lopyapyala kulowa m'cipinda ca kumanzere. Kunsonga kwake kuli kacipangizo kakang'ono kamene kamamva maginito aja. Kapaipi kakakhudza khoma la mtima, kompyuta imalemba kadontho. Imalembanso timagetsi ta pamalopo. Timadontho tikaculuka, pa kompyuta pamaoneka mtima wonse, ngati woumba ndi dothi. Dokotala amautembenuza mbali zonse. Mitundu yofiira, yacikasu, yobiriwira ndi ina imamuonetsa mmene timagetsi tikuyendera. Awa ndiwo mapu a mtima.

Mudaona bambo akulambula udzu kuzungulira nkhokwe m'cilimwe? Amatero kuti moto wa kuthengo usafike pa cimanga. Dokotala amacitanso cimodzimodzi. Amatsata mapu aja. Ndi nsonga ya kapaipi amatentha timalo ting'onoting'ono kuzungulira pakamwa pa mitsempha inayi ija. Madokotala ena amaziziritsa malowo m'malo motentha. Pamalopo pamacita cipsera. Timagetsi tosokoneza sitingadumphe cipseraco. Woyambitsa nyimbo uja amamvekanso yekha, ndipo mtima umagunda bwino.

Nchitoyi imatenga maola angapo. Cifuwa sicing'ambidwa. Odwala ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ena amacira, ena amafunika kubwerezedwa.

Gawo 11: Mitima ya kwathu

Makina a mapu a mtima ndi okwera mtengo kwambiri. Amapezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka, monga zina za ku South Africa. Ncifukwa cake kuno kwathu tiyenera kuteteza mtima usadaonongeke.

Kuno ku Africa, cimodzi mwa zinthu zimene zimasokoneza mtima cimayamba ndi zilonda zapakhosi. Mwana amamva kuwawa pomeza. Thupi limatentha. Tizilombo tina ta pakhosi tikapanda kuphedwa ndi mankhwala, patapita masabata ocepa mwana amatha kumva kuwawa m'mawondo ndi m'zigongono. Matendawa akamabwerabwera, amaononga zitseko za mtima. Mwanayo akakula, mtima wake umafooka ndipo umatha kuyamba kunjenjemera.

Mu 2007 madokotala adafalitsa zimene adapeza atayeza ana asukulu ku Maputo ndi makina oonera mtima. Pa ana 1000 aliwonse, pafupifupi 30 adali ndi zizindikiro za matendawa. Mmodzi mwa madokotalawo adali Ana Olga Mocumbi, mayi wa kuno ku Moçambique, katswiri wa matenda a mtima. Ku Maputo kulinso cipatala ca mtima, Instituto do Coração, cimene cidatsegulidwa mu 2001. Ana ambiri adacitidwa opaleshoni ya mtima kumeneko.

Koma Maputo ndi kutali, ndipo kupewa kuli pafupi. Mwana akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, makolo apite naye kucipatala msanga. Mankhwala a penisilini amapha tizilombo timeneti. Mwana amwe mankhwala onse mpaka atathe, ngakhale ayambe kupeza bwino.

Agogo ndi makolo aziyezetsa kuthamanga kwa magazi. Acepetse mcere m'ndiwo. Apewe fodya ndi kacasu. Mtima ukamagunda modumphadumpha, apite kucipatala capafupi kapena ku cipatala ca ku Ulónguè.

Ana Olga Mocumbi adali mwana wasukulu ngati inu. Werner nayenso adayamba ndi kuwerenga buku. Dziko lathu likufuna madokotala ndi anamwino ambiri odziwa za mtima. Mwina ena a iwo ali m'kalasi muno.

Mafunso

1. Kodi mtima uli ndi zipinda zingati?
2. Kodi Werner adabadwira mumzinda uti? Adabadwa caka citi?
3. Kodi adaona nyama yanji pacithunzi ca m'buku?
4. N'cifukwa ciyani a Schneider adamuletsa kuyesa pa thupi lake?
5. Kodi kapaipi kadalowa masentimita angati?
6. Nenani cinthu cimodzi cabwino cimene Werner adacita.
7. Nenani zinthu ziwiri zolakwa zimene adacita.
8. Kodi ng'ombe yojambula pansi ikusiyana bwanji ndi ng'ombe youmba ndi dothi?
9. Kodi mwana akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, makolo acite ciyani?

Zocita

1. Dulani cingwe cotalika masentimita 65. Aphunzitsi akuthandizeni kuyeza ndi rula. Ciikeni pamkono pa munthu wamkulu, kuyambira pa cigongono, kudutsa paphewa, mpaka pacifuwa.
2. Umbani mtima ndi dothi, waukulu ngati cibakera canu. Lembanipo zipinda zinayi ndi kamtengo.
3. Kunyumba, ikani zala ziwiri pamkono pa agogo, m'munsi mwa cala cacikulu. Werengani mokweza kugunda 20. Kodi kukubwera mofanana, kapena modumphadumpha? Ngati kukudumphadumpha, uzani makolo.
4. Fotokozerani abale anu nkhani ya Werner madzulo, mutatha kudya.

Mawu m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

mtima – coração
magazi – sangue
mtsempha wobweza magazi – veia
mapapo – pulmões
mkono – braço
pakhosi – garganta
mapu – mapa
dokotala – médico
namwino – enfermeira
cipatala – hospital
mankhwala – remédio